M'MERA MPOYAMBA: Phunziro la Miyezi Itatu Yoyamba ya Pakati, ndi Pfumbi la ku Kabwe

Akuru akale anati m'mera mpoyamba. Mlimi ali yense adziwa kuti cimanga cikafooka m'masabata oyamba, cingakhale acipalire kawiri nacithire manyowa, sicibala monga cinzace cimene cinamera bwino. Momwemonso ndi mwana wa munthu. Miyezi itatu yoyamba ya pakati ndiyo nyengo imene thupi lace liumbidwa, komanso ndiyo nyengo imene amai ambiri abisa, osauza munthu, osapita ku cipatala, nagwira nchito zonse monga kale.

Phunziro lino linena za miyezi imeneyo. Citsanzo cace catengedwa ku Kabwe, mzinda waukuru wa Cigawo Capakati ca Zambia, kumene mai wapakati ali ndi mdani amene amai a kwina samdziwa kwenikweni, ndiye mtobvu wa m'dothi ndi m'pfumbi. Mabanja ambiri a ku midzi ali ndi ana kapena abale okhala m'mizinda ya pa njanji, ndipo atsikana ena obadwira ku Kabwe akwatiwa ku midzi. Cotero nkhani iyi ifika pa khomo la anthu ambiri amene sanaonepo mgodi ndi maso.

1. Zocitika m'mimba mwezi usanaoneke

Pamene mai azindikira kuti wadumpha mwezi, nchito yaikuru yayamba kale m'kati mwace. Pasanathe masiku 28 citengere pakati, kanjira kamene kadzasanduka ubongo ndi mtsempha wa m'msana wa mwana katsekeka, ndipo mtima wayamba kale kugunda. M'mwezi waciwiri manja ndi miyendo ziphuka, maso ndi makutu ziyamba kuoneka. Pofika sabata la 12 ziwalo zonse zaumbidwa, cinkana msinkhu wa mwanayo ungofanana ndi cala ca munthu wamkuru. Miyezi yotsalayo ndiyo ya kukula ndi kukhwima.

Mwambo wa makolo uti pakati sapaulula msanga. Ena abisa cifukwa ca manyazi, ena cifukwa ca kuopa anthu oipa mtima kuti angamange mimba. Mtsikana wa pakati poyamba alangizidwa ndi anamkungwi, koma kawiri kawiri malangizowo adza mimba itaoneka kale, masabata ofunika koposa atapita. Palibe colakwa kuti mai asalengeze za pakati pace pa citsime kapena pa mtondo. Koma pali anthu awiri amene ayenera kumva msanga, mwamuna wace ndi namwino wa ku cipatala.

2. Cimene mgodi unasiya

M'caka ca 1902 mzungu wina wofunafuna miyala, dzina lace T. G. Davey, anapeza miyala ya mtobvu ndi zinki pa malo amenewa, nawacha Broken Hill, kutengera dzina la mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika m'caka ca 1906, ndipo anthu anadza kudzafuna nchito kucokera ku mbali zonse, ena a ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, ena a ku Nyasaland. Mzindawo unachedwa Kabwe m'caka ca 1966. Zaka zambirimbiri ng'anjo zosungunulira miyala zinafuka utsi, ndipo utsiwo unagwa pa madenga, pa mabwalo ndi m'madimba a makomboni oyandikira. Mgodi unatsekedwa m'caka ca 1994, koma milu yaikuru ya zotsalira inakhala pomwepo, ndipo waukuru mwa iyo anthu aucha Black Mountain.

Mtobvu suola monga zinyalala, ndipo sutha ndi dzimbiri monga citsulo. Umene unagwa m'dothi masiku a agogo ulipobe. M'miyezi ya mphepo, kuyambira Ogasiti kufikira mvula yoyamba, pfumbi liuluka kucokera pa miluyo ndi m'miseu, nililowa m'nyumba za ku Kasanda, Makululu, Chowa, Katondo ndi makomboni ena. M'dzinja madzi akokolola dothi lomwelo nalifalitsa m'ngalande ndi m'mabwalo. M'caka ca 2015 akatswiri a University of Zambia pamodzi ndi anzao a Hokkaido University ya ku Japan anafalitsa zimene anapeza atayesa mwazi wa ana ang'ono 246 a ku Kasanda, Makululu ndi Chowa. Ana onsewo, osatsalapo ndi mmodzi yemwe, anali ndi mtobvu woposa muyeso umene madotolo ayambira kudera nkhawa.

Akuluakulu sanangokhala cete. M'caka ca 2016 World Bank inabvomereza ndalama zothandiza boma la Zambia kukonza malo oonongeka ndi migodi, ndipo mwa nchito imeneyo ana ambiri a ku Kabwe anayesedwa mwazi nalandira mankhwala. M'mwezi wa Okutobala 2020 mlandu unasumidwa ku bwalo lalikuru la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amai a ku Kabwe, kusumira kampani ya Anglo American South Africa, imene inali ndi gawo pa mgodiwo kuyambira 1925 kufikira 1974. Kampaniyo inakana mlandu. Mu Disembala 2023 bwalo linakana kuti mlanduwo umvedwe monga wa gulu, ndipo mu 2024 osumawo analoledwa kuutengera ku bwalo lapamwamba. Milandu yotere itenga zaka, pamene pakati ndi miyezi isanu ndi inai yokha. Mai wapakati sangathe kulinda ciweruzo. Ayenera kudziwa cimene angacite iye mwini ndi banja lace.

3. Umo mtobvu ufikira mwana wosabadwa

Mtobvu ulowa m'thupi pa njira ziwiri, pakamwa ndi pamphuno. Munthu aumeza ndi pfumbi la m'manja, la pa ndiwo zosatsuka bwino, la m'madzi osabvundikira. Aupuma pamene asesa kapena pamene galimoto ipita pa mseu wa dothi. Ulibe pfungo, sumveka pa lilime, ndipo kuwiritsa madzi sikuucotsa.

Ukalowa, thupi linyengeka. Liuyesa kashiamu, umene ndiwo mcere womanga mafupa ndi mano, cotero liutenga ndi kuusunga m'mafupa, momwe ukhala zaka makumi. Tsono mai akatenga pakati, thupi lace liyamba kutapa kashiamu m'mafupa ace kuti limange mafupa a mwana, ndipo mtobvu wakale uja uturuka pamodzi naye, nubwerera m'mwazi. Mwazi wa mai ndiwo udyetsa mwana kupyolera pa cingwe ca pamcombo, ndipo palibe cochinga coletsa mtobvu kudutsa. Izi zinaoneka ku Kabwe komweko kale ndithu. M'caka ca 1977 Dotolo A. R. L. Clark anafalitsa zimene anapeza poyesa amai a ku Kasanda ndi makanda ao pa nthawi yobadwa: mtobvu wa m'mwazi wa khanda unali pafupifupi wolingana ndi wa amace.

Apa pali phunziro la anthu a ku midzi. Mtsikana amene anabadwira ku Makululu, nasewera m'pfumbi la kumeneko ali wamng'ono, akakwatiwa ku Katete kapena ku Petauke apita nao mtobvu m'mafupa ace. Iyeyu akayamba sikelo auze namwino kumene anakulira.

Mtobvu ukacuruka m'mwazi wa mai, pakati pangathe kucoka, mwazi wa mai ungathe kuthamanga koopsya, mwana angathe kubadwa masiku asanakwane kapena wocepa thupi. Coipa coposa cigwera ubongo wa mwana, ndipo sicioneka pa tsiku lobadwa; cidzaoneka m'tsogolo, pamene mwana acedwa kulankhula kapena alephera kugwira za kusukulu. Madotolo ayesa mtobvu ndi muyeso wa mamaikulogalamu pa desilita ya mwazi. Bungwe la World Health Organization liphunzitsa kuti palibe muyeso wa mtobvu umene udziwika kuti uli wosabvulaza, ndipo m'caka ca 2021 linalangiza kuti ukafika pa 5, afufuze kumene ucokera ndi kumcotsa munthuyo pa ngoziyo.

Amai ambiri okhala ndi mtobvu samva kudwala kuli konse. Ndico cifukwa cace pakati pakacoka kawiri kapena katatu, m'banja mubuka kulozana zala: ena ati mwamuna anayenda moipa, ena ati apongozi ali ndi kanthu. Mabanja apasuka pa mlandu umene mwini wace ali m'dothi la pabwalo.

4. Za kudya dothi

Amai ambiri apakati alakalaka dothi. Ena akumba pa culu, ena atapa pa khoma la nyumba, ena agula timiyala ta dongo pa msika. Mai wotere asamcititse manyazi, pakuti cilakolako cimeneci cigwira amai a m'maiko ambiri, ndipo kawiri kawiri ciyenda pamodzi ndi kucepa kwa mwazi. Koma cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Dothi la kuli konse lingakhale ndi mazira a njoka za m'mimba, ndipo limanga aironi wa m'zakudya kuti asalowe m'thupi, kotero kuti mwazi ucepera-cepera. Dothi la ku Kabwe liposa pamenepo, cifukwa wakudya ameza mtobvu ndi dzanja lace lomwe. Ngakhale la pa msika, wogula sangadziwe kumene linakumbidwa.

Cotero mai wapakati asadye dothi konse. Cilakolako cikamgwira, atafune mtedza wokazinga, cimanga cokazinga, malambe kapena nzimbe, ndipo auze namwino mosabisa, kuti amuyese mwazi ndi kumpatsa mapiritsi oonjezera mwazi. Amai ambiri aona kuti mwazi ukabwerera, cilakolako ca dothi cicepa.

5. Kuchinga pfumbi panyumba

Banja silingathe kusuntha phiri la zotsalira za mgodi, koma lingathe kucepetsa pfumbi lofika pakamwa pa mai. Zocita zace ndi izi:

(a) Asanasese pabwalo awaze madzi, ndipo m'nyumba akolope ndi nsanza yonyowa. M'miyezi imeneyi ndi bwino kuti wina asese m'malo mwa mai wapakati.

(b) Nsapato zitsale pakhomo. Pa masiku a mphepo zitseko ndi mazenera a mbali yocokera pfumbi akhale otseka.

(c) Mai asambe m'manja ndi sopo asanaphike ndi asanadye, ndipo zikhadabo zikhale zazifupi.

(d) Madzi akumwa, ufa ndi cakudya cophika zikhale zobvundikira. Ufa, mfutso ndi kapenta asaziyanike pansi. Mbale ziume pa thandala.

(e) Ndiwo zamasamba azitsuke bwino kangapo ndi madzi oyera. Wokhala pafupi ndi mgodi asalime ndiwo m'dothi la pabwalo kapena m'mbali mwa ngalande. Abzale m'matumba a dothi lotengedwa kutali. Kubzala kapinga pabwalo kuletsa pfumbi kuuluka.

(f) Umphawi utuma anthu ambiri kukatola miyala ndi zitsulo pa milu ya mgodi, ndi kuphwanya miyala yogulitsa. Mai wapakati, kapena woyembekeza kutenga pakati, asagwire nchito imeneyi. Mwamuna wogwira nchito kumeneko abvule zobvala za nchito ndi kusamba asanalowe m'nyumba, ndipo azicape yekha padera.

(g) Mabatire akale a galimoto ndi a sola ali ndi mtobvu. Asawaphwanye kapena kuwasungunula pakhomo. Lamulo ili ndi la ku midzi komwe.

6. Cakudya ca mai wapakati

M'mimba mopanda kanthu mtobvu ulowa msanga m'mwazi, ndipo thupi losowa aironi ndi kashiamu liumwa monga nthaka youma imwa madzi. Cotero cakudya cabwino ndico cikopa. M'miyezi yoyamba amai ambiri acita mseru, nakana nsima. Wotere asagone ndi njala: adye pang'ono pang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, phala, mbatata, nthoci kapena cikondamoyo, namwe madzi pafupipafupi.

Kashiamu apezeka mu kapenta ndi matemba odyedwa ndi minga yomwe, mu mkaka, ndi m'masamba monga bonongwe ndi cigwada. Aironi apezeka mu nyama, nsomba, mazira, nyemba, khobwe ndi masamba obiriwira. Zipatso monga magwafa, malalanje, malambe ndi matimati zithandiza aironi kulowa m'thupi, pamene tiyi womwera pa cakudya amletsa. Mwambo woletsa mai wapakati kudya mazira ulibe maziko; dzira limanga thupi la mwana. Mowa wa mtundu uli wonse, kacasu, masese kapena wa m'botolo, ufika kwa mwana monga momwe mtobvu ufikira, nuononga ubongo wace. Fodya wosuta ndi wofwenkha yemwe aleke.

7. Kuyamba sikelo msanga

M'caka ca 2016 World Health Organization inalangiza kuti mai wapakati aonane ndi a cipatala kasanu ndi katatu, ndi kuti ulendo woyamba ucitike masabata 12 asanathe. M'Zambia malipiro a m'zipatala zazing'ono za boma anacotsedwa ku midzi m'caka ca 2006, ndi m'mizinda momwe m'caka ca 2012. Amai ena ati, ndidzapita mimba ikaoneka, ndingatope ndi maulendo. Koma zimene namwino apereka pa ulendo woyamba zigwira nchito yace yaikuru poyamba pomwepo.

Pa ulendowo mai alandira mapiritsi a aironi ndi foliki asidi, akumwa tsiku ndi tsiku. Foliki asidi athandiza kanjira kaja ka ubongo ndi msana kutsekeka bwino, ndipo popeza katsekeka m'mwezi woyamba, mai wofuna mwana acita bwino kuyamba kumwa asanatenge pakati. Mapiritsi a aironi adetsa cimbudzi, koma zimenezo siziopsya. Namwino ayesa kuthamanga ndi kucuruka kwa mwazi, nayesanso cindoko ndi HIV. Cindoko cicizika, ndipo cikasiyidwa cipha mwana m'mimba. Mai wopezeka ndi HIV akayamba mankhwala msanga ndi kuwamwa mokhulupirika, mwana kawiri kawiri abadwa wopanda kacilomboko. Alandiranso katemera wa kafumbata ndi neti ya udzudzu.

Malungo ndiwo mdani wa amai apakati ku midzi ndi ku mizinda komwe. Amaliza mwazi, nacotsa pakati. Mankhwala oteteza a Fansidar sapatsidwa m'miyezi itatu yoyamba. Ayamba pa sabata la 13. Cotero m'masabata oyambawo citetezo ca mai ndico neti, usiku uli wonse. Thupi likatentha apite kukayesedwa tsiku lomwelo.

Mai wa ku Kabwe anene komboni imene akhala ndi nchito imene iye ndi mwamuna wace agwira, napemphe kuti ngati nkotheka amuyese mtobvu. Ukapezeka wofika pa 5, malangizo a 2021 aja ati apatsidwe kashiamu woonjezera ngati sapeza wokwanira m'zakudya zace. Mankhwala amphamvu ocotsa mtobvu m'thupi madotolo awapewa m'miyezi itatu yoyamba, kuopa kubvulaza mwana. Ici cionetsa kuti m'nyengo imeneyi kupewa ndiko mankhwala akuru. Ngati mtobvu wacuruka ndipo pali abale okhala kutali ndi mgodi, banja lilingalire zomtumiza mai kumeneko, malinga kukhale cipatala pafupi.

Safunsa anadya phula. Mai wapakati asamwe mapiritsi ogula pa kantemba, otsala a mnzace, kapena mizu ndi zitsamba zochedwa zolimbitsa mimba, asanafunse namwino.

8. Zizindikiro zosalinda m'mawa

Mseru, kutopa, kulabvula malobvu ndi kukodza pafupipafupi ndi zacizolowezi. Koma izi zikaoneka, mai atengedwe ku cipatala pomwepo, ungakhale usiku:

Kutaya mwazi, kungakhale kocepa. Kupweteka kwakukuru m'mimba, makamaka mbali imodzi, pamodzi ndi cizungulire kapena kukomoka. Nthawi zina pakati pakhala m'kanjira kunja kwa cibaliro, ndipo kanjirako kakaphulika mai ataya mwazi m'kati, nafa m'maora owerengeka ngati sapatsidwa opareshoni. Kutentha thupi ndi kunjenjemera. Kusanza kosalekeza, kosalola ndi madzi omwe kukhala m'mimba. Mutu waukuru ndi kusaona bwino. Kumva kuwawa pokodza, kapena kuturuka zonunkha ku njira ya amai.

Pakati pakacoka, mai apitebe ku cipatala, cifukwa zotsalira m'cibaliro zibweretsa kutaya mwazi ndi mafinya. Ndipo asamdzudzule. Mimba zambiri zocoka m'miyezi yoyamba zicoka popanda colakwa ca munthu ali yense.

9. Katundu wa banja lonse

Mutu umodzi susenza denga. Zonse zanenedwazi mai sangazithe yekha. Mwamuna apite naye ku sikelo ndi kuyesedwa mwazi pamodzi naye. Iye ndiye atenge tsace, asenze mtolo wolemera, agule kapenta ndi mazira m'malo mwa mowa, asungenso kandalama ka ulendo wa dzidzidzi. Mwamuna womenya mkazi wapakati amenya anthu awiri.

Apongozi ndi anamkungwi ali ndi mau omveka m'banja. Iwo akati, mwanawe, tiye ku cipatala, mtsikana apita; akati, linda mimba ioneke, alinda. Amai a cigwirizano poyendera anzao, ndi magulu a m'midzi othandiza za ucembere wabwino ochedwa SMAG, angathe kufikitsa mau awa kumene namwino safika. Ndipo amene ali ndi mwana wamkazi kapena mpongozi ku Kabwe, pomtumizira mtedza ndi nyemba za kumudzi, atumizenso malangizo atatu awa: ayambe sikelo miyezi itatu isanathe, asadye dothi, ndipo achinge pfumbi pakamwa pace.

Mafunso a pa Phunziro

1. Nciani cicitika m'thupi la mwana masabata 12 asanathe?
2. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa liti, ndipo cifukwa ninji mtobvu ukalipobe m'makomboni?
3. Mtsikana wokulira ku Kabwe, wokwatiwa kumudzi, ayenera kumuuza ciani namwino, ndipo cifukwa ninji?
4. Chulani zoipa zitatu za kudya dothi.
5. Ndi zizindikiro ziti zimene sizilinda kuca?
6. Mwamuna ndi apongozi angacite ciani sabata lino lomwe kuthandiza mai wapakati wa m'nyumba mwao?